Kodi mwalemba ndani pa envelopupo?

Chimanga chalowa m'nkhokwe, kachewere wakumbidwa kumapiri a kwa Dambe, manachesi apita kumsika, ndipo aliyense ku Neno akudziwa chimene chikubwera: nyengo ya maukwati. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa sipadutsa Loweruka osamva nthungululu, ndipo Lamulungu anzathu a Seventh Day a ku Matandani nawo amakhala ali kalikiliki ndi zikwati zawo.

Ngati muli m'komiti ya ukwati, kaya wa mwana wanu, wa mlongo wanu kapena wanu womwe, ndikudziwa kumene kuli mitima yanu. Ili pa mpunga, pa nkhuku, pa diresi, pa galimoto yonyamula akwati ndi pa mnyamata wa zoimbira. Makhadi mwasindikitsa kale ku Blantyre, okongola zedi, a maluwa ndi mphete ziwiri. Yatsala ntchito imene ambiri amaiyesa yachabe, moti amaisiyira mwana wa Fomu 2 kuti aigwire usiku uku akuwodzera: kulemba maina pa maenvelopu. Komatu mizere iwiri ya bolopeni imeneyi ndiyo imalepheretsa azakhali ena kubwera kuukwati wa mwana amene anamulera okha, ndipo mangawa ake amafika mpaka pamaliro.

Makhadi asanabwere, nkhani ya ukwati inkayenda ndi miyendo. Ankatumidwa munthu wodziwa mwambo. Amafika pakhomo, kuodira, kukhala pansi, kulonjerana ndi eni khomo, kenaka n'kutula chimene wadzera. Mthenga ameneyu ankadziwa woyamba kumuuza, ankadziwa dzina loti atchule ndi loti asayerekeze kulitchula. Lero envelopu ndiyo yatenga malo a mthenga uja. Choncho musanalembe kalikonse, dzifunseni kuti: ndikanaima pakhomo pa munthuyu, ndikanamuitana kuti chiyani? Chimene pakamwa panu pangachite nacho manyazi, dzanja lanu lisachilembe.

Kumbukiraninso kuti kumudzi envelopu siwerengedwa chamumtima. Ikafika, agogo amaitana mdzukulu, "Tabwera undiwerengere," ndipo mwana amawerenga mokweza, apongozi ali pomwepo, anansi obwera kudzapala moto ali pomwepo. Ngati mwalemba dzina laubwana la agogowo, ndiye kuti mwachititsa kamwana kutchula pagulu dzina limene ngakhale amuna awo sankalitchula.

Paja kwathu kuno munthu wamkulu timamulemekeza ndi mfunda wake. Timati a Ngozo, a Maseko, a Moyo, a Nkhoma, a Phiri, a Mbewe. Amayi timati Anangozo, Anamoyo, Anankhoma, Anaphiri, Anambewe. Chizungu chimafuna dzina loyamba, chikhalidwe chathu chimalibisa. Njira yapakati ilipo: lembani Bambo kapena Mayi, kenaka chilembo choyamba chokha cha dzinalo, kenaka mfunda kapena dzina la bambo awo. Ulemu wasungika, komanso kalata sisochera.

Ndanena za kusochera chifukwa a Phiri ndi ambiri. Mukangolemba kuti "Bambo ndi Mayi Phiri" n'kupatsira wakabaza wopita ku Ligowe, khadi lidzafika ndithu, koma kwa a Phiri ena, ndipo iwowo adzabwera atatchena pamene amene mumawafuna akudandaula kunyumba kuti mwawataya. Onjezerani mudzi, kapena kumene amagwira ntchito. Ndipo ngati pamudzipo amadziwika ndi dzina la mwana wawo, monga mmene timanenera kuti amake Uje kapena abambo ake a Uje, lembani zimenezo kuseri kwa envelopu ndi pensulo, timalemba ting'onoting'ono, kuti zithandize wonyamula. Kumaso kwa envelopu kukhale kwa ulemu, kuseri kukhale kwa mthenga. Maina ogemerana kubawo kapena kumpira asiyeni komweko, ngakhale munthuyo ndi mnzanu wa ponda apa n'pondepo. Envelopu imafikira m'manja mwa mkazi wake ndi ana ake.

Tsopano tibwere pa "Mr & Mrs" amene tinamuzolowera uja. Kalembedwe kameneka tinakatengera kwa Angelezi. Kwawoko mkazi akakwatiwa ankalowa m'dzina la mwamuna kotheratu, moti pa envelopu pankalembedwa dzina loyamba la mwamuna ndi la bambo ake a mwamunayo, la mkazi osaoneka ndi pang'ono pomwe. Ku America, mayi wina wotchedwa Emily Post anatulutsa buku la makhalidwe mu 1922, ndipo mabuku otere ndiwo anakhazikitsa malamulo ambiri amene osindikiza makhadi akuwatsatirabe. Koma ngakhale eni akewo masiku ano ambiri anasintha, amalemba maina a onse awiri.

Ife kwathu mkazi sataya mfunda. Nangozo ndi Nangozo kuyambira kubadwa mpaka kumanda, akwatiwe kangati. Kuonjezera apo, m'midzi yambiri ya kuno mwamuna ndiye amapita chikamwini. Khomo limene khadi lanu likupitalo lili pamudzi pa mkazi, pa nthaka ya makolo a mkazi. Nanga zikhala bwanji kuti mbale wanu weniweni ndi mayiyo, azakhali anu kapena mchemwali wa mayi anu, koma pa envelopu paoneke dzina la mkamwini lokha? Mayiyo akamva akuwerenga amangoti, "Oo, aitana alamu awo. Ine ndine wongoperekeza." Sadzakuuzani, koma tsiku lophika simudzawaona pamoto.

Ine ndimati ngati mbale wanu ndi mkazi, dzina lake lioneke. Lembani kuti "Kwa Bambo Phiri ndi Mayi Nangozo". Palibe mwamuna wanzeru amene angakwiye nazo. Chimodzimodzinso amayi apantchito. Pachipatala cha boma pa Neno ndi ku Lisungwi, maka chibwerereni bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mu 2007, pali amayi ambiri amene amadziwika ndi maina awo apantchito. M'sukulu namonso muli aphunzitsi aakulu achizimayi. Ena sanasinthe dzina atakwatiwa chifukwa ndi limene lili pa masatifiketi awo. Funsani dzina limene amagwiritsa ntchito. Ndipo ngati dokotala m'banjamo ndi mayi, musauchotse udokotalawo n'kuwapatsa bambo kapena kungoumeza. Anauvutikira zaka zambiri. Lembani "Dr" patsogolo pa dzina la mwini wake.

Chinanso, sankhani chilankhulo chimodzi. "Mr ndi Mayi" kapena "Bambo and family" ndi nsima yosakaniza mgaiwa ndi woyera mosakonzekera. Khadi likhoza kukhala la Chingelezi, poti ndi mmene anasindikizira, koma envelopu yopita kwa agogo ilembeni m'Chichewa.

Pali makomo ena amene amafuna kuti muyambe mwaika bolopeni pansi n'kuganiza. Loyamba ndi la namfedwa. Makomiti ambiri amabwereka mndandanda wa maina wa ukwati wa chaka chatha kapena wa dzana, n'kumangokopera. Zotsatira zake, mayi amene anaika mwamuna wake miyezi isanu yapitayo akulandira envelopu ya "Mr & Mrs". Mwamutsegula chilonda, komanso mwadziulula kuti pamaliro paja panalibe wa kwanu, kapena munaiwala msanga. Lembani dzina la mayiyo lokha, ndi ulemu wake wonse. Koma musapitirire n'kulemba kuti "Mayi wamasiye Uje". Umasiye si udindo woti uzilembedwa pa kalata.

Banja likatha, maenvelopu akhale awiri, aliyense yake, ndipo mayiyo mumulembe ndi dzina limene akudziwika nalo panopa. Ngati mukuona kuti awiriwo sangakhale pa benchi imodzi, nkhani imeneyo ndi ya okonza malo okhala, osati ya envelopu.

Nanga pamitala? Apa ndiye ambiri amazunguzika mutu. Ena amalemba envelopu imodzi n'kupatsira bambo pamsika, ati akaone okha wopita naye. Kumeneko n'kuponya nkhuni pamoto wa eni. Khadi lidzagona kunyumba imene bamboyo agone usiku umenewo, ndipo nyumba inayo idzamva kuti inu ndinu amene mwaisala. Ngati amayi onse mumadya nawo bwino, nyumba iliyonse ilandire yake, kuyambira kwa mayi wamkulu. Ngati mbale wanu ndi mmodzi mwa amayiwo, lembani dzina la mayiyo momveka bwino kuti pasakhale kulimbirana. Mpingo wanu ukhoza kukhala ndi chiphunzitso chake pa za mitala, ndipo zimenezo n'zoyenera kukambidwa kumene zimakambidwa. Envelopu si bwalo la milandu.

N'chimodzimodzi ndi anthu amene anangolowana popanda chinkhoswe kapena kudalitsa kutchalitchi. Ena amalemba dzina la mbale wawo yekha ngati njira yodzudzulira. Dziwani kuti ngakhale lamulo la maukwati la 2015 limapereka mpata woti khoti livomereze ngati banja anthu amene akhalira limodzi zaka zambiri ndipo anthu amawadziwa choncho. Ngati boma likutha kuwaona, inu ndi bolopeni yanu mungawakane? Mukafuna kuwalangiza kuti akonze ukwati wawo, apiteni ankhoswe. Pa envelopu lembani maina onse awiri.

Za mafumu ndiye musachite nazo chibwana. Boma la Neno lili ndi mafumu aakulu monga Dambe, Mlauli, Symon ndi Chekucheku, ndipo pansi pawo pali magulupu ndi anyakwawa ambirimbiri. Mfumu imalembedwa ndi dzina la ufumu, osati limene inabadwa nalo, ngakhale munaphunzira nayo limodzi pulayimale. Udindo wake ulembeni molondola. Mafumu amakwezedwa, choncho funsani kwa mlembi kapena nduna kuti panopa ali pa mpando uti. Kutsitsa gulupu n'kumulemba nyakwawa ndi mlandu. Koma kukweza nyakwawa n'kuilemba gulupu, ati pofuna kuisangalatsa, ndi mlandu woposa, chifukwa gulupu weniweni adzamva, ndipo adzafuna kudziwa amene wakupatsani mphamvu zolonga ufumu. Kwa mafumu a Chingoni mawu akuti Inkosi ndiwo amakoma m'khutu. Musaiwalenso kuti mafumu ambiri ndi amayi. Musangothamangira kulemba "Mr" musanafunse.

Ndipo chenjerani ndi mawu akuti "Bambo Mfumu". Mukalemba choncho poganiza kuti mukulemekeza mfumu ya m'mudzi, wonyamula adzalunjika kuparishi ya Neno, pakuti Bambo Mfumu ndi wansembe wa Katolika. Wansembe ameneyu sakwatira, kotero "Bambo Mfumu ndi Mayi" ndi nthabwala imene idzakutsatani zaka. Koma wansembe wa Anglican, monga a ku Matope, naye amatchedwa Bambo ndipo akhoza kukhala ndi banja. Ameneyo mukamuiwalira mayi mwalakwa. Abusa a CCAP, a Seventh Day ndi a mipingo ina alembeni kuti "Abusa ndi Mayi Uje", ndipo kumene m'busa ndi mayi, tembenuzani. Shehe ndi Shehe. Phungu ndi khansala ali pampando ndi Olemekezeka.

Khadi la mfumu silipatsiridwa mwana, silipatsiridwa wakabaza, siliperekedwa panjira kapena pamaliro. Amanyamula ndi akuluakulu a banja, kudzera kwa nduna, ndipo pakamwa pamayamba, envelopu n'kutsatira.

Izi zikutifikitsa pa anthu amene envelopu payokha ndi chipongwe kwa iwo. Amalume amene ndi mwinimbumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, agogo, azakhali aakulu: amenewa si alendo, ndi eni ukwati. Munthu saitanidwa pakhomo pake. Mukawatumizira khadi ngati mmene mwatumizira mnzanu wa kuntchito, funso lake limakhala limodzi: "Kodi ine ndasanduka mlendo pa mwana wanga?" Ndipo ngati amalume akhumudwa, dziwani kuti si mpando umodzi umene ukhale wopanda munthu. Kumbuyo kwawo kuli mbumba yonse. Choopsa china n'choti banja latsopanoli likadzagwedezeka, poti mabanja amagwedezeka, anthu okhawo amene angakhale pansi n'kulikonza ndi omwe munawanyoza aja.

Amenewa apitireni nokha. Khalani pansi, fotokozani tsiku, malo ndi mmene zokonzekera zikuyendera, mumve maganizo awo. Pomaliza ndiye tulutsani khadi, muli kunena kuti, "Ili ndi loti musunge, muzikumbukira." Mudzaona akulilandira ndi manja awiri, ndipo mukadzapitako chaka chamawa mudzalipeza lili pakhoma kapena m'kati mwa Baibulo. Pa envelopu yotere mukhoza kulemba mwachibale, "Kwa Amalume ndi Azakhali", "Kwa Agogo Anambewe", chifukwa mwapereka ndi dzanja lanu.

Mawu ena ofunika kuwayeza bwino ndi akuti "ndi banja lonse". Mzungu akalemba "and family" amatanthauza bambo, mayi ndi tiana tiwiri. Kwa Mlauli banja lonse ndi ana, adzukulu, apongozi, mlamu amene wabwera kudzacheza ndi mwana wa mnansi amene amagona pomwepo. Mukalemba mawu amenewa pa maenvelopu 100, musadzadabwe mpunga wa anthu 300 ukutha akwati asanatuluke m'tchalitchi.

Komabe tinene zoona. Ukwati wa pamudzi sabweza munthu. Aliyense womva ng'oma amabwera, amavina, amafupa, amadya chimene chapezeka. Pamenepo khadi si chiphaso cholowera pachipata, ndi ulemu chabe wosonyeza kuti takuwerengerani. Ndiye ngati madyerero ali pabwalo la kwanu, zolemba za "Strictly by invitation" kapena "No children" zisiyeni, mungodzidanitsa ndi anthu amene mawa adzakukumbireni manda. Koma ngati mwachita lendi holo ya mipando yowerengeka, kaya paboma, ku Mwanza kapena ku Blantyre, nenani mwaulemu m'kati mwa khadi kuti khadili ndi la anthu awiri, ndipo pa envelopu tchulani awiriwo. Achibale akumudzi auzeni pakamwa chifukwa chake, ndipo ngati n'kotheka akonzereni mphika wawo kumudzi. Mwana wa m'nyumbamo amene anakula, ali pantchito kapena ali ndi khomo lake, alandire envelopu yakeyake. Mukamuphatikiza kwa makolo ake, nayenso pa perekaniperekani adzaziphatikiza kwa makolo ake.

Poti tatchula perekaniperekani, pali kachizolowezi kena kamene sindikakonda. Ena amalemba maenvelopu poyang'ana matumba a anthu. Aliyense wolandira malipiro pakutha pa mwezi, ngakhale sanalonjeranepo naye, khadi lake lilipo: "The Manager", "The Headteacher", dzina osalidziwa n'komwe. Munthu amazindikira kuti amene waitanidwa si iye koma chikwama chake. Ngati simukudziwa dzina la munthu, ndiye kuti simunafike pomuitana kuukwati. Kuntchito khadi limodzi la onse likhoza kukhomedwa pabolodi, koma amene mumadya nawo nsima ya masana apatseni awoawo. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba, ngati mwaganiza zoziika, zikhale m'kati. Kunja kwa envelopu zimaoneka ngati kalata ya ngongole.

Za adiresi sindichulutsa. Ambiri kuno amalandirira makalata pa bokosi la sukulu, la tchalitchi kapena la kuchipatala, choncho dzina likhale pamwamba, kenaka "c/o" ndi mwini bokosi, mudzi ndi mfumu yaikulu. Mpaka 2003 Neno inali mbali ya boma la Mwanza, ndiye ngati mukukopera m'kabuku kakale ka bambo anu, konzani pamene pakufunika. Makhadi ambiri masiku ano amayenda pamanja: pa njinga yamoto yokwera ku Nsambe, pa minibasi ya pa Zalewa, m'chikwama cha mayi wa mvano. Lembani nambala ya foni ya wolandira kuseri, ndipo mukatumiza muimbireni kuti adziwe amene wanyamula. Ngati ukwati uli mu Disembala, kutumiza kuchitike msanga, mwezi wathunthu tsiku lisanafike, ndipo maenvelopu akulungidwe m'jumbo. Aliyense wa kuno akudziwa mmene misewu ya kumtunda imakhalira mvula ikagwa.

Abale a ku Johannesburg, ku Lilongwe ndi kwina ambiri alandira khadi pa WhatsApp. Palibe cholakwika. Koma chithunzi chongoponya pagulu la anthu 80 chilibe envelopu, ndiye kuti sichinaitane aliyense. Tumizirani munthu payekha, muyambe ndi dzina lake ndi moni, monga mukanalembera pa pepala. Kwa wamkulu, imbani kaye foni. Abale a kutsidya kwa malire, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, alembeni maina awo mmene iwo amalembera. João ndi João, musamubatize kukhala John.

Zilembo zinayi zija za RSVP zimene zimakhala pansi pa khadi ndi chidule cha mawu a Chifalansa opempha kuti muyankhe. Maina ali pamenepo si a anthu olemera a m'banjamo ayi, ndi a anthu oti muwauze ngati mubwera kapena simubwera. Inu olandira makhadi, yankhaniko, anzanu adziwe mpunga woti agule.

Polemba gwiritsani ntchito bolopeni yakuda kapena yobiriwira ngati thambo. Yofiira isiyireni aphunzitsi pochonga mayeso. Asankhidwe munthu wa dzanja labwino, alembe masana, asali ndi njala. Samalani ndi L ndi R, paja ife timangowasinthanitsa: Flora asakhale Frola, Gloria asakhale Grolia. Dzina ngati Symon lili ndi kalembedwe kake, musalikonze. Mukalakwitsa, ng'ambani mutenge ina. Osafufuta dzina la wina n'kulemba la wina pamwamba, osamata utoto woyera uja. Anthu amaiyang'anitsa envelopu padzuwa n'kuwerenga dzina la amene munayamba kumuganizira, ndipo amadziwa kuti iwo alowa m'malo mwa wina amene wakana.

N'chifukwa chake pogula maenvelopu muonjezerepo 20 kapena 30 apadera. Ndipo musanamate ngakhale imodzi, itanani azakhali aja amene saphonya maliro, chinkhoswe kapena mlandu wa pamudzi, mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi. Apatseni mpando ndi tiyi, wina aziwerenga mndandanda mokweza, dzina ndi dzina. Iwowo ndiwo adzakuuzeni kuti uyu anamwalira mu Epulo, awa analekana, uyu anakwatiranso, awa analongedwa ugulupu, ndipo uyu simunamulembe koma ndi amene anapereka mbuzi pa chinkhoswe cha mayi anu.